Injini zobwereka, bodi yopepuka: mapangidwe a galimoto zakale zaliwiro za ku Britain

Pakati pa 1945 ndi 1980, mafakitale a ku Abingdon, Coventry, Malvern ndi matauni ena a ku England adatulutsa mtundu wa galimoto womwe eni chiyankhulo amautcha sports car. Iyi ndi galimoto yaing'ono, yogwa pansi, ya mipando iwiri, nthawi zambiri ya denga lansalu lomwe limapindidwa dzuwa likawala. Sidapangidwire kunyamula banja kapena katundu. Ntchito yake n'kusangalatsa woyendetsa pamsewu wokhotakhota. Maina a MG, Triumph, Austin-Healey, Jaguar, Lotus ndi Morgan adatchukira pa galimoto zimenezi, ndipo zomwe zidapulumuka ku dzimbiri lero zili m'manja mwa anthu osunga galimoto zakale.

Woziona pachithunzi angaganize kuti pansi pa boneti pali zida zapamwamba zokhazokha, koma sizili choncho. Zambiri mwa galimotozi zidalumikizidwa ndi zida zobwereka ku galimoto wamba za banja. Injini ya Triumph idali pachibale ndi ya thalakitala, pomwe ya Lotus Elite idachokera ku pampu yozimitsira moto. Luso la amisiri ake lidaonekera pa kusankha chida choyenera, kuchiika pamalo pake ndi kuchepetsa kulemera kwa galimoto yonse.

Msonkho ndi chitsulo

Malamulo awiri a boma adaumba galimotozi zisadajambulidwe n'komwe. Loyamba lidali la msonkho. Kuyambira 1921, mwini galimoto ku Britain ankalipira paundi imodzi pachaka pa horsepower iliyonse, koma horsepower yakeyo siidali mphamvu yeniyeni ya injini. Idali nambala yowerengedwa potengera kuchuluka kwa masilinda ndi kukula kwa kamwa la silinda iliyonse. Kutalika kwa mtunda womwe pisitoni imayenda mkati mwa silindamo sikunkawerengedwa.

Makampani adaona pothawira. Adayamba kupanga injini za masilinda opapatiza koma aatali, kuti injini ikule msonkho osakwera. Injini yotere imakoka bwino ikamazungulira pang'onopang'ono, koma siikonda kuthamangitsidwa kwambiri chifukwa pisitoni imakhala ndi ulendo wautali nthawi iliyonse ikakwera ndi kutsika. Msonkhowu udathetsedwa mu 1947, komabe makina a m'mafakitale ndi chizolowezi cha amisiri zidatsala. N'chifukwa chake injini ya Austin-Healey 100 idali ndi silinda ya mamilimita 87 kukamwa kwake pomwe pisitoni inkayenda mamilimita 111.

Lamulo lachiwiri lidali la chitsulo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Britain idali m'ngongole ndipo inkasowa madola. Boma lidayamba kugawa chitsulo kwa makampani potengera kuchuluka kwa galimoto zomwe agulitsa kunja, ndipo msika wa ndalama udali America.

MG TC, yomwe idatuluka mu 1945, idali galimoto ya nkhondo isadayambe yongokonzedwa pang'ono. Idali ndi injini ya 1,250cc yotulutsa 54hp komanso bodi ya malata okhomeredwa pa felemu ya mtengo. Chiwongolero chidali kumanja basi, ngakhale kwa ogula a ku America omwe amayenda mbali ina ya msewu. Idakondedwabe kumeneko chifukwa, poyerekeza ndi zigalimoto zikuluzikulu za ku Detroit, TC inkamvera dzanja la woyendetsa msangamsanga. Pofika 1949 zidali zitapangidwa pafupifupi 10,000. Kuyambira pamenepo, galimoto zambiri za mtunduwu zinkakwera sitima ya pamadzi m'malo mogulitsidwa kwawo.

Injini za ku galimoto za banja

Kampani yopanga galimoto masauzande ochepa pachaka siikadatha kulipira injini yakeyake. MG, yomwe kuyambira 1952 idali pansi pa British Motor Corporation, idapatsidwa injini ya B-Series yomwe inkayendetsanso Austin Cambridge ndi Morris Oxford. MGA ya 1955 idayamba ndi 1,489cc, ndipo MGB ya 1962 idalandira 1,798cc yotulutsa 95hp. Injiniyi idali yachitsulo cholemera kuyambira buloko mpaka hedi. Camshaft yake idali imodzi, pansi m'buloko, ndipo inkatsegula mavalavu kudzera m'tindodo tachitsulo totalika. Kuti isiyane ndi ya m'galimoto ya banja, idaikidwa makabuleta awiri, camshaft ina ndi mapisitoni opanikiza mpweya kwambiri. Mu 1964 mabering'i ogwira crankshaft adawonjezedwa kuchoka pa atatu kufika pa asanu, ndipo injiniyo idatchuka ndi kusafa msanga.

MG idayesapo kamodzi kupatuka pa njira imeneyi. Mu 1958 idatulutsa MGA Twin Cam ya hedi ya aluminiyamu ndi ma camshaft awiri pamwamba, yomwe inkapereka 108hp. Injiniyi inkafuna petulo wabwino kwambiri ndi makaniko wosamala, ndipo chimodzi mwa izi chikasowa mapisitoni ankapsa. Zidangopangidwa 2,111 ndipo mu 1960 kampani idaisiya.

Mbiri ya Triumph ndiyo imadabwitsa ambiri. Kampani ya Standard, yomwe idagula dzina la Triumph mu 1944, inkapanganso mathalakitala a Ferguson TE20 ku fakitale yake ya Banner Lane mu Coventry. Dzina la Ferguson si lachilendo kwa aliyense amene adaonapo thalakitala pa esiteti. Injini ya petulo ya thalakitalayo ndi ya galimoto ya Standard Vanguard zidali za banja limodzi, ndipo ya Triumph TR2 ya 1953 idachokera momwemo. Ya Vanguard idali 2,088cc yopereka 68hp. Amisiri adaichepetsa kufika pa 1,991cc kuti ilowe m'gulu la mipikisano ya injini zosapitirira malita awiri, kenaka adaikweza mphamvu kufika pa 90hp. Mu May 1953, Ken Richardson adathamangitsa TR2 yokonzedwa mwapadera pamsewu wa Jabbeke ku Belgium pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola.

Ubwino wina wa injiniyi ndi wakuti masilinda ake sadabooledwe m'buloko momwemo. Adali mapaipi achitsulo olowetsedwa, ozunguliridwa ndi madzi oziziritsa, ndipo akatha ankazulidwa n'kuikapo ena. Kwa mlimi izi zinkatanthauza kukonza thalakitala motchipa. Kwa Triumph zinkatanthauza kukulitsa injini mosavuta, monga idachitira pa TR4 ya 1961 yomwe idafika pa 2,138cc.

Austin-Healey nayo idabadwa chifukwa cha injini yosowa kolowera. Galimoto ya Austin A90 Atlantic idakanika kugulika ku America, ndipo injini zake za 2,660cc zidasowa ntchito. Donald Healey adaika imodzi mu galimoto yake yomwe adaionetsa ku Earls Court mu London mu 1952. Leonard Lord, mkulu wa Austin, adaiona pachionetsero pomwepo n'kugwirizana naye kuti aziipanga limodzi. Nambala 100 pa dzina lake inkaimira mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Giyabokosi yobwerekayo idali ndi giya yoyamba yotsika kwambiri kwa galimoto yopepuka chonchi, choncho adangoitsekereza n'kusiya magiya atatu, kuwonjezerapo overdrive, kagiya kapadera koyatsidwa ndi switchi.

Pafupifupi injini zonsezi zinkamwa petulo kudzera mu kabuleta ya SU. Zilembozi zikuimira Skinners Union, kampani ya abale a banja la Skinner lomwe lidali pa malonda a nsapato, ndipo makabuleta awo oyamba adali ndi kamvukuto kachikopa. Mkati mwa SU muli kapisitoni komwe kamakwera injini ikamakoka mpweya wambiri. Pansi pake pali singano yosongoka yolowa m'kabowo ka petulo. Kapisitoni kakakwera, singano imatulukako ndipo petulo wochuluka amadutsa. Pamwamba pamathiridwa oyilo pang'ono kuti kapisitoniko kasadumphe. Zida zosuntha ndi zochepa, koma kuyanjanitsa makabuleta awiri kapena atatu kuti azikoka mpweya wofanana kumafuna khutu, ndipo amakaniko akale ankamvetsera kulira kwa mpweyawo ndi kapaipi ka labala.

Jaguar idatenga njira yake

Pakati pa makampani ogulitsa galimoto zambiri, Jaguar ndiyo idathira ndalama pa injini yatsopano. Nthawi ya nkhondo, William Lyons ndi amisiri ake William Heynes, Walter Hassan ndi Claude Baily ankachezera usiku pa fakitale ya ku Coventry kulondera moto wa mabomba, ndipo m'maola amenewo ndimo adakambirana za injini yomwe idadzatchedwa XK.

Injini ya XK idali ya masilinda 6 ondondozana, 3,442cc, ndi mabering'i 7 ogwira crankshaft. Hedi yake idali ya aluminiyamu, yokhala ndi ma camshaft awiri pamwamba, wina wa mavalavu olowetsa mpweya, wina wa otulutsa utsi. Poti panalibe tindodo tapakati, mavalavu ankatseguka ndi kutseka mosachedwa ngakhale injini itathamanga. Denga la malo oyakira petulo lidali lozungulira ngati mbale yovundikira, zomwe zidalola mavalavu aakulu opendekeka ndi pulagi pafupi ndi pakati. Harry Weslake adathandiza kukonza njira zodutsa mpweya. Mapangidwe otere ankadziwika kale pa galimoto za mpikisano ndi za anthu olemera kwambiri. Chachilendo chidali kuwapanga ochuluka pamtengo woti dokotala kapena mwini sitolo angakwanitse.

Injiniyi idakonzedwera galimoto yaikulu ya banja, koma galimotoyo idachedwa. Pofuna poionetsera, Lyons adakonza mwachangu XK120 ndi kuibweretsa ku Earls Court mu October 1948. Ankayembekezera kugulitsa zochepa, n'chifukwa chake zoyambirira pafupifupi 240 zidali za bodi ya aluminiyamu yosulidwa pamanja pa felemu ya mtengo. Maoda atachuluka, mu 1950 adasinthira ku bodi yachitsulo. Injiniyo inkapereka 160hp, ndipo pa 30 May 1949 Ron Sutton adafika nayo pa makilomita 213 pa ola ku Jabbeke komwe kuja.

XK idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France kasanu: mu 1951 ndi 1953 ili mu C-Type, kenaka mu 1955, 1956 ndi 1957 ili mu D-Type. Idakulitsidwa kufika pa malita 3.8 ndi 4.2, idaikidwa ngakhale m'akasinja ang'onoang'ono a Scorpion a asilikali a Britain, ndipo idapangidwa mpaka 1992. Nayonso sidathawe mthunzi wa msonkho uja: silinda ya 3.4 idali mamilimita 83 kukamwa, pisitoni n'kumayenda mamilimita 106.

Walter Hassan atachoka ku Jaguar adapita ku Coventry Climax, komwe iye ndi Harry Mundy adapanga injini ya pampu yozimitsira moto yoti anthu awiri anyamule. Idayenera kukhala yopepuka ndiponso yotha kuthamanga ingoyatsidwa kumene, choncho idapangidwa ya aluminiyamu ndi camshaft pamwamba. Anthu a mipikisano sadachedwe kuona kuti izi n'zomwe iwonso ankafuna. Mtundu wake wa 1,216cc ndiwo udalowa mu Lotus Elite. Mundy yemweyo adadzajambula hedi ya ma camshaft awiri yomwe Lotus idaika pa buloko wamba ya Ford, n'kutuluka injini ya 1,558cc ya Lotus Elan.

Chesisi, mtengo ndi bodi

Chesisi ndi felemu yachitsulo yonyamula injini, giyabokosi ndi matayala. Bodi imamangidwa pamwamba pake ndi mabawuti, monga zilili pa malole ndi mapikiapu ambiri lero. MG TC, MGA, Jaguar XK120 ndi Triumph kuyambira TR2 mpaka TR6 ya 1976 zidapangidwa motero. Njirayi ndi yotchipa ndipo imalola kusintha maonekedwe popanda kukhudza zapansi. Triumph idapindula nazo: bodi ya TR4 idajambulidwa ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy, ndipo kampani ya Karmann ya ku Germany idangosintha kutsogolo ndi kumbuyo kwake kuti patuluke TR6.

Vuto la chesisi yooneka ngati makwerero ndi kupotoka. Tayala limodzi likakwera pa bampu, felemu yonse imapindika pang'ono, ndipo galimoto yopanda denga ilibe chogwira pamwamba, monga momwe katoni imafookera ikachotsedwa chivundikiro. Woyendetsa amamva chiwongolero ndi galasi lakutsogolo zikunjenjemera pamsewu wokumbika.

Mphekesera yofala imati Morgan ili ndi chesisi yamatabwa. Izi si zoona. Kuyambira pa 4/4 ya 1936, chesisi ya Morgan idali yachitsulo. Chamtengo ndi felemu ya bodi, yosemedwa ku mtengo wa ash womwe ndi wopepuka ndipo umapindika osathyoka msanga, ndipo malata amakulungidwa pamwamba pake. Ili ndi luso la amisiri a ngolo za akavalo. Kampaniyi, yomwe ili ku Malvern, idasiya chesisi yachitsuloyo mu 2020 patatha zaka 84, koma mtengo wa ash ikuugwiritsabe ntchito. Galimoto yomwe idalidi ndi chesisi yamatabwa ndi Marcos, ya Jem Marsh ndi Frank Costin, omwe adayamba mu 1959. Costin adachokera ku kampani ya ndege ya de Havilland ndipo ankadziwa kulimba kwa pulayiwudi yomatidwa bwino.

Njira ina ndi ya monocoque, pomwe chesisi palibe ndipo bodi yowotcherera pamodzi ndiyo imanyamula zonse. Austin-Healey Sprite ya 1958, ya injini ya 948cc ndi nyali zotumphuka ngati maso a chule, idapangidwa motere. Pofuna kuti kumbuyo kwake kulimbe, sadaike chitseko cha buti, ndipo katundu ankalowetsedwa kudzera kuseri kwa mipando. MGB, yomwe ntchito yake idatsogoleredwa ndi Syd Enever, idatsatira mu 1962. Mphamvu ya bodi yake ili m'mipanda ya pansi pa zitseko, yomwe ndi malata angapo owotchereredwa ngati bokosi, komanso m'ngalande ya pakati modutsa giyabokosi. Amisiri, posafuna kuchita manyazi, adailimbitsa mopitirira, ndipo idalemera makilogalamu pafupifupi 920. Zidapangidwa zoposa 500,000.

Jaguar E-Type, yomwe idaonetsedwa ku Geneva mu March 1961, idaphatikiza njira ziwiri. Kuyambira pa galasi lakutsogolo kubwerera kumbuyo idali monocoque. Kutsogolo kudali felemu ya mapaipi achitsulo opyapyala, yomangidwa ndi mabawuti, yonyamula injini ndi matayala. Maonekedwe ake adachokera kwa Malcolm Sayer, yemwe adagwirapo ntchito ku kampani ya ndege ya Bristol ndipo ankawerengera mapindikidwe a bodi ndi masamu. Kampani inkati injini ya 3.8 imapereka 265hp ndipo galimoto imafika makilomita 240 pa ola. Manambalawa adali okometsera, pakuti galimoto zomwe atolankhani adayesa zidakonzedwa mwapadera. Koma pamtengo wa mapaundi 2,100 kapena kuchepera pang'ono, panalibe ina yoyandikira.

Colin Chapman wa Lotus, yemwe adaphunzira uinjiniya ku University College London, adalimbana ndi kulemera kuposa wina aliyense. Lotus Seven ya 1957 idali khola la timapaipi towotchereredwa mopingasa, lokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo galimoto yonse inkalemera makilogalamu pafupifupi 500. Inkagulitsidwa m'zidutswa kuti wogula alumikize yekha, chifukwa potero ankapewa msonkho wa galimoto yatsopano. Elite idapita patali: bodi yonse idali ya fibreglass popanda chesisi, chitsulo chili m'malo ochepa okha. Idali yokongola koma yaphokoso mkati ndi yodula kupanga, ndipo kampani idaluza nayo ndalama.

Pa Elan ya 1962, yomwe bodi yake idajambulidwa ndi Ron Hickman wobadwira ku South Africa, Lotus idapeza yankho losavuta. Chesisi yake ndi msana umodzi wa malata opindidwa ngati bokosi, wodutsa pakati pa mipando, wogawika nthambi ziwiri kutsogolo kogwira injini ndi ziwiri kumbuyo. Bodi ya fibreglass imakhala pamwamba ngati chishalo. Elan inkalemera makilogalamu pafupifupi 680, choncho 105hp yake inkagwira ntchito yomwe MGB sikadaigwira.

Momwe matayala amagwirira msewu

Suspension ndi zida zonse zolumikiza matayala ku galimoto: masipuling'i, mashoko ndi mikono yachitsulo. Ntchito yake n'kuonetsetsa kuti tayala likugunda pansi nthawi zonse, litaima bwino, kaya pa bampu kaya pokhota. Apa ndi pomwe galimotozi zidasiyana kwambiri.

Maganizo akale adali akuti galimoto yaliwiro imafuna masipuling'i olimba. MG TC idali ndi ekiselo yosapindika kutsogolo ndi kumbuyo, pa masipuling'i osanjikiza ngati a lole. Poti masipuling'i adali ouma, chesisi yopotoka ija ndiyo inkameza mabampu ena. Kutsogolo kudasintha pa MG TD ya 1950, yomwe idalandira dongosolo la Alec Issigonis lolola tayala lililonse kukwera ndi kutsika palokha pa sipuling'i yopotana. Dongosolo limeneli, losinthidwa apa ndi apo, lidafika mpaka pa MGB yomaliza mu 1980.

Kumbuyo ndiko kudatsalira. MGA, MGB, Austin-Healey ndi Triumph mpaka TR4 zidasunga ekiselo imodzi yonyamula difu ndi matayala onse awiri. Ekiselo yotere ndi yolimba ndi yotchipa, ndipo pamsewu wosalala imachita bwino. Pamsewu wokumbika, tayala limodzi likagunda dzenje linzake limamva, ndipo kulemera kwa difu kumadumphitsa kumbuyo konse. Mashoko ambiri adali a Armstrong, kabokosi ka oyilo kokhala ndi mkono. Kutsogolo kwa MGB mkono umenewu ndiwonso udagwira tayala kumtunda. Chida chimodzi chinkagwira ntchito ziwiri, zomwe zidakomera owerengera ndalama, koma chikatha zonse ziwiri zimathera limodzi.

Pa Austin-Healey zazikulu, chesisi inkadutsa pansi pa ekiselo yakumbuyo, zomwe zidachepetsa mpata woti matayala ayende. Galimoto idagwa pansi kwambiri moti ekizozi inkakhula msewu, ndipo vutoli lidachepetsedwa mu 1964. Ngakhale zidali choncho, Pat Moss ndi Ann Wisdom adapambana mpikisano wovuta wa Liège-Rome-Liège mu 1960 pa Austin-Healey 3000.

Morgan idakakamira njira yomwe H.F.S. Morgan adaika pa galimoto yake yoyamba ya matayala atatu. Tayala lakutsogolo limatsetsereka kukwera ndi kutsika pa mzati wachitsulo woimirira, sipuling'i ili pamzati pomwepo. Mzatiwo umafuna mafuta pafupipafupi, ndipo pa Morgan zambiri za nkhondo itatha woyendetsa ankaponda kabatani kotumiza oyilo wa mu injini kumeneko.

Kulekanitsa matayala akumbuyo motchipa kudali ndi zoopsa zake. Triumph Spitfire ya 1962 idabwereka zida za Triumph Herald, momwe tayala lililonse lidali pa shafuti yopindikira pa difu pokha, sipuling'i imodzi itagona chopingasa pamwamba. Woyendetsa akachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi ali pakati pokhota, kumbuyo kunkanyamuka, tayala lakunja n'kupindikira mkati, galimoto n'kutembenuka. Mu 1970, pa Spitfire Mk IV, adalola sipuling'iyo kusuntha pakati pake, ndipo khalidwe loipalo lidachepa kwambiri.

Jaguar ndiyo idaikonza bwino nkhaniyi. Bob Knight adaika difu, mabuleki, mikono ndi masipuling'i anayi, awiri mbali iliyonse, m'khola limodzi lachitsulo lomangidwa ku bodi pa malabala. Shafuti yopititsa mphamvu ku tayala ndiyonso idakhala mkono wakumtunda. Mabuleki adaikidwa mkati, pafupi ndi difu, kuti matayala apepuke ndi kutsatira msewu mosavuta. Zotsatira zake, E-Type inkathamanga popanda kuvulaza msana wa wokwera, ndipo dongosololi lidatumikira galimoto za Jaguar mpaka m'zaka za m'ma 1990. Amakaniko okha ndiwo saliyamikira, chifukwa kusintha madisiki akumbuyo kumafuna kutsitsa khola lonse, ndipo kutentha kwa mabuleki kumaononga masilo a difu.

Chapman adatembenuza maganizo akale aja. Iye adalimbitsa felemu kuti isapotoke, kenaka adaika masipuling'i ofewa oyenda mtunda wautali, ogwiridwa ndi mashoko amphamvu. Felemu ikakhala yosasuntha, tayala limayenda momwe mmisiri adalijambulira, ndipo sipuling'i yofewa imalisunga pansi pomwe youma ikadalidumphitsa. N'chifukwa chake Elan inkakhota kuposa anzake onse koma n'kukhalanso yofewa kukwera. Nayo idabwereka: zida zina zakutsogolo zidali za Triumph Herald yomwe ija. Chofooka chake chidali malabala ozungulira ngati madonasi olumikiza mashafuti akumbuyo, omwe ankadzipota n'kubweza, galimoto n'kumadumphadumpha ponyamuka ngati woyendetsa sadaizolowere. Kampani ya Mazda ya ku Japan itatulutsa MX-5 mu 1989, Elan idali imodzi mwa galimoto zomwe amisiri ake adaphunzirako.

Pa mabuleki, Britain idatsogola. Jaguar ndi Dunlop adakonza mabuleki a disiki, omwe amazizira msanga kuposa a dilamu chifukwa ali pamphepo. Mu 1953 ku Le Mans, C-Type zokhala ndi mabulekiwa zidatenga malo oyamba, achiwiri ndi achinayi, ndipo Tony Rolt ndi Duncan Hamilton adayenda maola 24 pa avereji ya makilomita 170 pa ola. Mu 1956 Triumph TR3 idayamba kutuluka m'fakitale ndi madisiki a Girling kutsogolo.

Msika womwe udazilera utasintha

America, yomwe idalemeretsa makampaniwa, ndiyonso idawapanikiza. Kuyambira 1968 dzikolo lidakhwimitsa malamulo a utsi ndi a chitetezo pangozi. Triumph TR5 ya 1967, ya masilinda 6 ndi 2,498cc, inkapereka 150hp ndi makina a Lucas opopera petulo, koma ku America idapita ndi makabuleta, pa dzina la TR250, mphamvu itatsika kwambiri. Chaka cha 1968 chomwecho MG, Triumph, Austin ndi Jaguar zidapezeka m'khola limodzi la British Leyland, kampani yomwe idali ndi mavuto a ndalama ndi sitiraka zosatha, ndipo ndalama zopangira galimoto zatsopano zidasowa.

MGB ndiyo idaonetsa bwino zotsatira zake. Mu 1974 idavekedwa mabampa akuda olemera, ndipo pofuna kukwaniritsa malamulo a ku America galimoto yonse idakwezedwa m'mwamba pafupifupi inchi imodzi. Idayamba kupendekeka pokhota, mpaka mu 1977 adaiikira zitsulo zoletsa kupendekeka kutsogolo ndi kumbuyo. Yopita ku America idatsala ndi kabuleta imodzi, ndipo mphamvu idatsika kuchoka pa 95hp kufika m'ma 60. Nthawiyi n'kuti Datsun 240Z ya ku Japan, yomwe idatuluka mu 1969 ndi masilinda 6, camshaft pamwamba ndi matayala akumbuyo oyenda paokhapaokha, italanda kale makasitomala ambiri. Fakitale ya Abingdon idatsekedwa mu October 1980, ndipo Triumph TR7 idatha chaka chotsatira. Lotus Seven idapulumuka chifukwa kampani ya Caterham idagula ufulu woipanga mu 1973.

Pa galimoto zomwe zidatsala, injini sindiyo imadetsa nkhawa, pakuti zida za B-Series, za TR ndi za XK zimapangidwabe. Mdani ndi dzimbiri. Pa MGB ndi E-Type limayambira mkati mwa mipanda ya pansi pa zitseko, momwe madzi amakhala osaoneka, ndipo poti mipandayo ndiyo msana wa galimoto, ikadyeka bodi imagwa pakati. Odziwa amayang'ana mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi: ukapanikizika kumtunda, ndiye kuti pansi padyeka. Pa TR6 amayang'ana chesisi pomwe pamangidwa mikono ya matayala akumbuyo, pa Elan nsonga zakutsogolo za msana uja, pa Morgan matabwa a m'munsi mwa zitseko. Mu 1988 kampani ya British Motor Heritage idasonkhanitsa zikombole zenizeni zomwe zinkaumba malata a MGB n'kuyambanso kupanga mabodi atsopano, omwe mwini galimoto yodyeka amagula n'kusamutsiramo injini, giyabokosi ndi ekiselo zake zakale.